Belu Lolira Masana

Kodi belu lingalire lokha masana, dzuwa lili paliwombo, popanda mphepo, popanda mbuzi yodutsa, ndiponso popanda dzanja loligwira? Ku Kavalamanja, m'mbali mwa Zambezi, linalira. Analimva anthu atatu, onse amitu yabwino. Inu amene mukuwerenga, tayesani kupeza: ankaliza beluli ndani?

Woyamba kulimva anali Exildah, mwana wa a Bernardo, msodzi amene makolo ake anachokera kutsidya, ku Mozambique. Exildah ankaphunzira unamwino pa koleji ina ku Lusaka. Anabwera kumudzi mwezi wa Okutobala atasenza mabuku a phunziro limodzi limene analephera. Koleji inam'patsa mwayi wolembanso, koma unali womaliza. Akalepheranso, kapena akapanda kufika pa tsiku la mayeso, sukulu yake ithera pomwepo.

Sanalephere chifukwa cha umbuli ayi. Funso loyamba pa mayesowo linali lokhudza mtima, ndipo Exildah ankaukonda mtima. Analemba, anajambula, anakongoletsa mitsempha yonse mpaka ing'onoing'ono yomwe. Pamene woyang'anira ankati onse aike zolembera pansi, mafunso enawo anali asanawaone n'komwe.

Umu ndi mmene analili kuyambira ali mwana. Akatumidwa mchere, ankabwera ndi nkhani ya mbalame imene waona panjira. Ku koleji ankataya makiyi, ankafika m'kalasi anzake atakhala kale, ndipo mphunzitsi akamalankhula, maganizo ake ankatuluka pawindo osatsazika. Barbara, mnzake amene ankagona pabedi lapamwamba, ankadandaula kuti Exildah amasiya sopo m'madzi, amayamba nkhani zitatu osamaliza ngakhale imodzi, komanso akagwira buku bedi lonse limachita ngati basi ya ku Boma pamsewu wokumbika. Atalephera mayeso aja, mayi wina wolangiza ophunzira anam'tumiza kwa dokotala, ndipo kumeneko vuto lake linapeza dzina: ADHD.

"Si ulesi, si kupusa," anatero mayi wolangizayo. "Maganizo ako savutika kuthamanga, amavutika kuima. Za mankhwala mukambirana ndi adokotala ukabwerako. Pakali pano, foni uziiika kutali. Uziwerenga pang'onopang'ono, ukatopa uime, uyendeyende, ubwerere. Ndipo ngati kungatheke, pakhale munthu pafupi nawe. Asakuphunzitse, asakulankhule. Angokhalapo basi."

Exildah anasangalala kumva kuti chinthu chimene chinam'tukwanitsa moyo wonse chili ndi dzina. Koma dzinalo linabwera mochedwa. Linapeza amayi ake, a Josefina, atagona kale kumanda.

Anamwalira m'nyengo yozizira, mwadzidzidzi. Anthu anaimba foni ya Exildah mpaka kutopa. Foniyo inali m'thumba la yunifomu, yunifomu inali m'ndowa ya zovala zakuda, ndowa inali pansi pa bedi, ndipo moto wa m'foniyo unali utatha. Uthenga utam'peza kudzera kwa woyang'anira malo ogona, anathamangira basi, anatsika pa mlatho waukulu umene amautcha Buliji, anakwera galimoto ina yopita ku Boma. Koma pofika pamudzi anapeza anthu akusamba m'manja, pochokera kumanda. Amayi ake aakulu, a Thecla, mkulu wawo wa malemuwo, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wafika," anatero. Mawu amodziwo anam'tsata Exildah mpaka ku Lusaka.

Tsopano anali wabwereranso. Tsiku loyamba anapereka foni kwa atate ake.

"Atate, iyi muzipita nayo kumadzi. Ndikaipempha, mundikanize."

"Nanga ikagwera m'madzi?"

"Ng'ona ziziimbirana."

A Bernardo anaseka pang'ono, n'kuikulunga m'pulasitiki ya shuga. Anali munthu wosachuluka mawu, ndipo chimwalirire akazi awo mawu ochepa omwewo anachepanso.

Vuto linali malo owerengera. Kutentha kwa Okutobala m'chigwa cha Zambezi sikufuna kufotokozera munthu. M'nyumba ya malata munali ngati mu uvuni wowambira nsomba. Pansi pa mtengo wa masau pankadutsa aliyense, ndipo aliyense ankafuna kudziwa ngati ku Lusaka kwagwa mvula. Malo ozizira ndi achete anali amodzi okha: khitchini ya a Josefina, yofolera udzu, yotchingidwa ndi bango mpaka m'chiuno, yokhala ndi mzati umodzi pakati. A Thecla anali atalamula kuti m'menemo musakolezedwe moto ndipo musachotsedwe kanthu mpaka mwambo wa bona utachitika, malemu atakwanitsa chaka. Mafuwa anali pamalo pake. Mithiko, zipande ndi lichero lakale zinali zotsomekedwa kudenga monga mwiniwake anazisiyira. Zophikaphika zinkachitikira kwa a Thecla, kuseri kwa mpanda.

"Kukhalamo sindinaletse," anatero a Thecla. "Koma manja ako ndimawadziwa. Usagwire kanthu."

Motero Exildah anatenga kampando ka amayi ake, anakhala moyang'ana kumafuwa, buku pamiyendo, phazi limodzi atalitsamiritsa pamzati. M'kamwa anaika masau ouma kuti nsagwada zipeze ntchito. Poyamba zinali monga mwa nthawi zonse. Ankawerenga mzere umodzi, n'kuona nyerere zikukoka phiko la chiwala. Ankabwerera pa mzere womwewo, n'kukumbukira kuti nsapato ya Barbara sanabweze. Koma anapirira. Dzuwa litafika pamutu, mudzi wonse utabisala m'mithunzi, ngakhale nkhuku zitangoyasamula, chinthu chija chimene chimabwera mwa kamodzikamodzi chinabwera. Mawu a m'buku anasiya kuthawa. Anaona magazi akulowa mumtima, akutsika, akupita kumapapo, akubwerako ofiira. Anaiwala kutentha, anaiwala nyerere.

Ngwe-ngwe-ngwe-ngwe.

Anadzutsa mutu. Kunali zii. Pa tsamba la buku panali patagwera kafumbi kachikasu. Anakapukuta ndi chala.

Belu limenelo ankalidziwa. Ali wamng'ono, asanayambe sukulu, ankangosowa. Amayi ake akatembenuka kuti atsire mchere m'ndiwo, mwana wapita. Tsiku lina anam'peza ali m'madzi mpaka m'mawondo, akutsatira gulugufe, pamalo pamene ng'ona inagwira mbuzi dzulo lake. Madzulo omwewo a Josefina anamasula belu pakhosi pa mbuzi ina, n'kulimanga pamwendo pa mwana wawo ndi kansalu ka chitenje. Linali laling'ono, lamkuwa, long'aluka mbali imodzi, motero linkalira mosasa mawu. Mudzi wonse unkalidziwa, ndipo ana anzake anam'patsa dzina loti Kambuzi. Atayamba sukulu belulo linachotsedwa, ndipo sanalionenso.

Anaimirira, anazungulira khitchini, anasuzumira kuseri kwa mpanda. Kunalibe mbuzi. Masamba a mtengo wa masau anali duu, osagwedezeka. Anaima nthawi yaitali akumvetsera, koma ankangomva mvuu ikufwenthera kutali.

Tsiku lotsatira zinachitikanso, ndipo linzakelo chimodzimodzi. Akamalimbana ndi maganizo ake, akamayang'ana nyerere, belu silinkalira. Linkadikira mpaka alowe m'buku ndi mutu wonse. Pamenepo ndiye linkayamba, chapansipansi, ngati kamwana kakuyenda mozemba kuseri kwa bango. Akangoima kuti amvetsere, nalonso linkaima. Sanauze munthu. Ankaopa kuti mwina dokotala sanaone zonse, mwina mutu wake uli ndi vuto lina loposa lija.

Wachiwiri kulimva anali Jeff, msuweni wake, mwana wa mlongo wawo wa a Bernardo. Jeff ankayendetsa boti la injini pakati pa Kavalamanja ndi Boma, ndipo pakamwa pake sipankatsekeka. Masana ena anabwera ndi nsomba ziwiri zomangirira pa bango. Ataona Exildah ataweramira buku, anayenda monyang'ama kuti amudzidzimutse. Atafika pafupi ndi mpanda wa khitchini anaima.

"Iwe Kambuzi," anatero, koma mawu ake sanali achipongwe monga mwa masiku onse. "Wayambanso kuvala belu lija? Ukalamba nalo?"

Exildah anatembenuka. "Walimva?"

"Ndine gonthi ine? Taonetsa miyendo."

Exildah anakweza chitenje pang'ono. Miyendo inali yopanda kanthu. Anatambasulanso manja, anakutumula chitenje. Jeff anayang'ana pansi, anayang'ana mafuwa ozizira aja, anayang'ananso msuweni wake.

"Mkazi wanga, usandiseweretse. Ine mtima wanga ndi wa injini yakale."

"Mkazi wako ndani, iwe wonunkha petulo? Sindikusewera. Limalira tsiku lililonse. Jeff, chonde, usauze munthu."

"Ine? Pakamwa panga ndi pa loko."

Nsomba zija anaziiwala pa mpanda. Dzuwa lisanapendeke, a Thecla anali atamva zonse.

Anakhala pabwalo madzulo, kusanade: a Thecla pamphasa, a Bernardo pa chigubu, Exildah pansi. A Thecla anali mayi wa mpingo, kolona sinkachoka m'khosi mwawo. Ndiwo anasamalira mng'ono wawo pa maola ake omaliza, ndipo tsopano, monga mwa mwambo, ndiwo anali mayi wa Exildah.

"Limalira nthawi yanji?" anafunsa.

"Masana."

"Ukamatani?"

Exildah anazengereza. "Ndikayamba kuwerenga bwino."

"Ukasiya?"

"Limasiya."

A Thecla anatembenukira kwa a Bernardo. "Mwamva, alamu? Ine sindinawonjezepo kanthu. Wanena yekha." Anapuma, n'kupitiriza motsitsa mawu. "Josefina anapita osamuona mwanayu. Mpaka mpweya womaliza maso anali kukhomo. Mwana sanaponye dothi, sanaone nkhope. Lero akagwira mabuku omwe aja amene anam'chedwetsa, belu likulira. Mukufuna wakufa alankhule bwanji kuti mumve? Akumuitana monga ankamuitanira ali wamng'ono. Ndipo munthu amene akuitanidwa ndi wakufa sakwera basi. Mapiri a msewu wa ku Lusaka mukuwadziwa. Adikire bona, timugoneke mayi wake bwinobwino, kenako apite kumene akufuna."

"Amayi, bona ndi chaka chamawa! Mayeso ndi Lolemba likubwerali. Ndikapanda kulemba, basi, andichotsa."

"Sukulu siithawa."

"Iyi ithawa, amayi. Ndipo si mabuku amene anandichedwetsa. Ndi mutu wangawu. Adokotala anati ndili ndi vuto lotchedwa ADHD. Ndi limene limandiiwalitsa zinthu, ndi limene linandisiyitsa foni m'ndowa."

"Ku Lusaka chilichonse amachipatsa dzina," anatero a Thecla. "Chabwino. Tsono dzina lakolo ndi limene likuliza belu? Jeff nayenso ali nalo?"

Exildah anayang'ana atate ake.

"Alamu," anayamba a Bernardo, akupotokola chipewa m'manja, "mwanayu wavutikira sukuluyi. Mayi wake yemwe ankanyadira."

"Mukufuna tiike awiri chaka chimodzi?"

A Bernardo anayang'ana kumtsinje. Mwana ndi wa kuchikazi, ndipo funso limenelo linalibe yankho limene bambo angapereke. A Thecla anaitanitsa Jeff n'kumuuza pamaso pa onse kuti boti lake lisanyamule Exildah.

Masiku otsatira Exildah sanalowenso m'khitchini. Anayesa kuwerengera m'nyumba, thukuta linanyowetsa masamba. Anayesa kudimba, anapezeka akuthamangitsa anyani. Anayesa kuwerenga mokweza akuyenda, monga anam'langizira mayi uja, koma mapazi anam'tenga osam'funsa. Atadzidzimuka anali pagombe, madzi akunyambita zala zake, buku lili chotseka m'manja. Sanakumbukire kuti wadutsa njira iti. Panalibe munthu, panalibe belu, panalibe womuitana. Anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.

Chimene chinkamuwawa kwambiri sichinali chiletso cha a Thecla. Chinali chakuti mwina akunena zoona. Mwina amayi ake, amene sanam'menyepo chifukwa choiwala, amene ankangoti "Kambuzi kanga" n'kupita okha kukagula mcherewo, tsopano atopa naye. Anawadikiritsa ali moyo, anawadikiritsa ali mtembo. Akamadutsa pafupi ndi khitchini ankayang'ana kumbali. Komabe ankadziwa kuti malo okhawo amene mutu wake unakhazikikapo chibwerere ndi omwewo.

Loweruka m'mawa anapita kwa a Thecla, anawapeza akusankha masau ouma, n'kugwada.

"Amayi, ndabwera kudzapempha."

"Ngati ndi za basi, dzuka."

"Si za basi. Ndikufuna kuwerenga m'khitchini muja, koma ndekha ndikuopa. Mukhale nane. Musandiphunzitse, musandilankhule. Mungokhalapo."

"Uwerengerenji, poti supita?"

"Sindikudziwa. Koma ndikangokhala, mapazi akunditengera kumtsinje."

Manja a a Thecla anaima m'lichero. Kenako anati, "Ndibwera. Zomva kwa Jeff ndi zomva kwa Jeff. Ndimve ndekha chimene mng'ono wanga akufuna."

Dzuwa litakwera anabwera ndi lichero lawo la masau. Pakhomo la khitchini anagwada, anawomba m'manja mofatsa, n'kulankhula ngati akulankhula ndi munthu amene wangogona.

"Josefina, ndine mkulu wako. Sindinabwere kudzatenga kanthu. Mwana wako ndi uyu. Ngati pali mawu, nena ndili pano, usamuopseze ali yekha."

Analowa n'kukhala pansi pafupi ndi khomo, miyendo atatambasula. Exildah anakhala pa kampando kaja, monga mwa chizolowezi chake, n'kutsegula buku.

Sizinayende msanga. Maso ankayenda pa mizere koma makutu anali kudenga, kumpanda, kumafuwa. Anawerenga ndime imodzi kangapo osatolapo kanthu. Ankafuna kuimirira. Koma nthawi iliyonse akadzutsa mutu ankaona a Thecla ali pomwepo, akutola sau, akuliyang'ana, akuliponya uku kapena uko. Kaphokoso ka masau m'lichero kanali kosasintha. Palibe amene ankam'fulumiza, palibe amene ankam'dzudzula. Anabweza maso pa buku. Anayamba kunong'ona mawuwo. Chipinda chakumanja chimalandira magazi otopa. Chitseko chimatseguka, chimatsekeka. Magazi sabwerera m'mbuyo. Mawu ake anayamba kuthamanga, chala chikutsatira chithunzi.

Ngwe-ngwe-ngwe-ngwe.

Exildah anauma. Belu linaima. Masau amene anali m'dzanja la a Thecla anagwera pansi n'kugubuduka mpaka kumafuwa. Dzanja linalo linali litagwira kolona. Milomo yawo inkayenda popanda mawu.

"Mwamva, amayi," ananong'ona Exildah. Misozi inali itayamba kale. Anadziwa kuti nkhani ya Lusaka yathera pomwepo, ndipo anayamba kutseka buku.

"Usatseke," anatero a Thecla. "Wangoyamba kulankhula, ndiye tim'dule? Werenga."

"Amayi, sindingathe."

"Ndati werenga. Ndili pano."

Anatsegulanso. Zilembo zinkasambira m'misozi. Anapukuta maso ndi chitenje, n'kuyambira pomwe anasiyira. Zinatenga nthawi yaitali kuposa poyamba. Mthunzi wa khitchini unasuntha, kunja mwana wina analira n'kutonthola. A Thecla sanabwerere ku masau awo. Anangokhala, maso akuyendayenda m'khitchini monse, kudikira. Pang'ono ndi pang'ono buku linam'kokanso Exildah, pakuti mutu wake ukagwira chinthu chimene umakonda, ngakhale mantha amatsala m'mbuyo.

Belu linayambanso. Ulendo uno Exildah analuma mano n'kupitiriza. Anakweza mawu, akuwerenga ngati akukangana ndi munthu. Belu nalo linakweza. Kafumbi kachikasu kanagwera pa tsamba, iye anakauzira osaima. Linalira, linalira, kuposa masiku onse. Atafika kumapeto kwa mutuwo anapuma, ndipo khitchini inakhala chete.

Anayang'ana a Thecla. Sankayang'ana kudenga, sankayang'ananso kumafuwa. Maso awo anali pansi, chapafupi ndi Exildah. Anali atatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, mapewa akugwedezeka. Exildah sanathe kudziwa ngati akulira kapena akuseka, ndipo mwina eniakewo sankadziwanso.

"Josefina iwe," anatero pomaliza, akupukusa mutu. "Josefina, mwana wa amayi anga."

"Akuti chiyani, amayi?"

"Pita ukanditungire madzi akumwa. Kwathu, osati pano. Usathamange."

Exildah anapita. Pobwera anapeza a Thecla ataima panja pa khitchini akupuma mofulumira. Duku lawo linali ndi mwaye ndi tizidutswa ta udzu, ndipo mtondo umene unkakhala pakona unali utasunthidwira pakati, pafupi ndi mzati. Munthu amene analetsa aliyense kugwira kanthu m'menemo anali atakwera pamtondo ndi msinkhu wake wonsewo. Anamwa madzi onse osapumira.

"Kalongedze," anatero. "Ukamuuze wapakamwa uja athire mafuta m'boti."

Lamulungu m'mamawa a Bernardo ndi a Thecla anaperekeza Exildah kugombe. A Bernardo anatulutsa foni m'pulasitiki ya shuga n'kuipereka.

"Ng'ona zakana, zati ilibe moto," anatero. Kenako anawonjezera, akuyang'ana madzi, "Ukonde sauponya pamalo amodzi tsiku lonse. Uyambe waona mafunso onse."

"Ndamva, atate."

Jeff anali kale m'boti, akukoka chingwe cha injini. "Dzulo musam'nyamule, lero m'nyamuleni. Amayi, mukandiphetsa ine. Nanga akatitsatira pamadzi?"

"Iwe yendetsa boti. Ukanakhala wotseka pakamwa ngati mmene umatsekera thanki, bwenzi uli munthu."

A Thecla anam'kokera Exildah pambali, anamasula mfundo ya chitenje chawo, n'kumuika kanthu m'dzanja. Linali belu laling'ono lamkuwa, lakuda ndi utsi, long'aluka mbali imodzi. Kansalu kake kanali komweko, kofwifwa.

Exildah anafuna kuliponya pansi, koma a Thecla anam'fumbatitsa.

"Munalipeza kuti?"

"Kumene mayi ako analisunga. Tamvera, mwana wanga. Ine ndinaiwala chinthu chimodzi. Mayi ako sankaopa belu likamalira. Likamalira ankapitiriza kusinja, akuimba, chifukwa ankadziwa kuti uli pafupi ndipo uli moyo. Ankataya munsi n'kuthamanga likangoti zii. Ndipo usamadzione ngati unagwa kumwamba. Josefina ankasiya miphika iwiri pamoto n'kupezeka ali kudimba. Kutchalitchi palibe amene ankafuna kukhala naye benchi imodzi. Dzina la ku Lusakalo bwenzi atagawana nawe."

"Koma amayi, ankaliza ndani?"

"Boti likukusiya. Ukawerenga udziwa. Koma m'mayeso usalowe nalo, angakuthamangitse ngati mbuzi yolowa m'munda."

Boti linanyamuka. Exildah anayang'ana m'mbuyo mpaka anthu awiri aja anasanduka timadontho pagombe, ndipo denga la khitchini linabisika m'mitengo. Funso lija linapita naye. Mantha sanathe onse. Anamangirira belu pa chingwe cha chikwama, n'kuligwira ndi dzanja njira yonse kuti lisalire.

Ku Boma anapeza basi isanadzaze. Anakhala pa benchi pansi pa mtengo, pafupi ndi mayi wina amene ankayang'anira dengu la nsomba zouma. Mayiyo sanam'lankhule, anangokhalapo. Exildah anaika chikwama pabondo, buku pamwamba pa chikwama, masau m'kamwa. Analimbana ndi phokoso la msika, analimbana ndi wailesi ya m'sitolo, mpaka zonsezo zinapita kutali ndipo anatsala ndi buku lokha.

Ngwe-ngwe-ngwe-ngwe.

Ulendo uno sanayang'ane kumwamba kapena kumbuyo. Anayang'ana pansi, monga anachitira a Thecla. Anaona chidendene chake chili m'mwamba, bondo likumaliza kudumpha, chikwama chikugwedezeka pamwamba pake.

A Josefina atachotsa belu pamwendo pa mwana wawo, analipachika ku phaso la khitchini, kuseri kwa lichero lakale, kumene mphepo sinkafika. Phasolo linagona pamzati, ndipo mzatiwo chiswe chinali chitaudya kunsi mpaka unkagwedera. Exildah akalowa m'buku ndi mutu wonse, mwendo wake unkanjenjemera iye osadziwa, phazi lili pamzati, ndipo akaima kuti amvetsere, mwendo nawonso unkaima. Ankaliza belu ndi Exildah mwiniwake.